Mbiri ya Sukulu ya Queen's Royal College ku Trinidad

1. Chilumba cha Trinidad

Trinidad ndi chilumba cha m'nyanja ya Caribbean, pafupi ndi dziko la Venezuela. Angerezi analanda chilumbachi kwa anthu a ku Spain mu 1797. M'minda ya nzimbe munkagwira ntchito akapolo ochokera ku Africa. Ukapolo utatheratu mu 1838, eni minda anasowa antchito. Kuyambira mu 1845 anayamba kutenga anthu ku India. Ana ambiri a m'mabanja amenewa sankapita patali ndi sukulu.

2. Chiyambi cha sukulu

Mu 1859 boma la atsamunda linatsegula sekondale ya anyamata mumzinda wa Port of Spain. Dzina lake linali Queen's Collegiate School. Mu 1870 inayamba kutchedwa Queen's Royal College, mwachidule QRC. Inali ya boma, osati ya mpingo. Akatolika nawo anatsegula yawo, St Mary's College, mu 1863. Sukulu ziwirizi zimapikisanabe pa mayeso ndi pa mpira.

Mwala wa maziko a nyumba yaikulu ya sukuluyi unaikidwa mu 1902, ndipo nyumbayo inatsegulidwa mu 1904. Ili ndi nsanja yaitali ya wotchi. Inayang'anizana ndi bwalo lalikulu la Queen's Park Savannah.

3. Khomo lopapatiza

Fizi inali yokwera. Mwana wa mmphawi ankalowa akapambana mayeso ovuta, ndipo malo aulere anali ochepa kwambiri. Makolo ankadzimana kuti mwana akonzekere mayesowo. M'kalasi anyamata ankaphunzira Chilatini, Chifalansa, masamu ndi mbiri ya ku England. Za makolo awo a ku Africa ndi ku India sizinkaphunzitsidwa kwenikweni.

4. Anyamata atatu

C.L.R. James anabadwa mu 1901. Bambo ake anali mphunzitsi. Anaphunzira pa QRC, kenako anaphunzitsa pomwepo. Mu 1938 anatulutsa buku la The Black Jacobins, lofotokoza mmene akapolo a ku Haiti anadzimasulira okha. Ankadziwananso ndi Jomo Kenyatta ndi Kwame Nkrumah pa nthawi yomenyera ufulu wa Africa.

Eric Williams anali mwana wa kalaliki wa ku positi. Atakhoza bwino pa QRC, boma linamulipirira maphunziro ku yunivesite ya Oxford mu 1932. Buku lake la Capitalism and Slavery linatuluka mu 1944. Linaonetsa mmene thukuta la akapolo linalemeretsera dziko la Britain.

V.S. Naipaul anali mdzukulu wa antchito ochokera ku India. Nayenso anaphunzira pa QRC, kenako anapita ku Oxford mu 1950. Mu 2001 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha mabuku ake.

5. Maphunziro afika kwa achikulire

Williams sanasunge nzeru zake kwa iye yekha. Atabwerera kwawo, mu 1955 anayamba kuphunzitsa poyera pabwalo la Woodford Square. Anthu ankabwera madzulo ataweruka ku ntchito. Ambiri a iwo sanapondepo ku sekondale, koma ankamvetsera mbiri ya dziko lawo ndi nkhani za ulamuliro. Bwalolo linatchuka ndi dzina loti yunivesite ya Woodford Square.

Chipani chake chinapambana zisankho mu 1956. Boma lake linachotsa fizi m'masekondale a boma ndipo linamanga sukulu zambiri. Dziko la Trinidad ndi Tobago litalandira ufulu pa 31 Ogasiti 1962, Williams anakhala nduna yaikulu yoyamba.

6. Phunziro kwa ife

QRC ikadali sukulu ya boma ya anyamata. Inamangidwira ana ochepa, koma ena mwa anawo anagwiritsa ntchito maphunziro awo kutsegulira anzawo njira. Inunso mukadziwa kuwerenga, werengerani ana kunyumba ndipo limbikitsani mnzanu amene akuchita manyazi kuti abwere ku kalasi.

Mafunso

1. Kodi QRC inayamba chaka chanji?
2. N'chifukwa chiyani ana a amphawi ankavutika kulowa pasukuluyi?
3. Kodi pabwalo la Woodford Square pankachitika chiyani?