Heidi wa ku Japan

Wailesi ya kanema itayamba ku South Africa mu 1976, sipanapite nthawi ana anayamba kuonera katuni ya Heidi m'Chiafrikaans. Mapiri ake ndi a ku Switzerland, koma inapangidwa ku Japan mu 1974, motsogozedwa ndi Isao Takahata.

M'makatuni a ku America monga Tom and Jerry, mphaka amaphwanyidwa mutu n'kudzukanso bwinobwino. Bambi wa Disney anafedwa mayi mu 1942, inde, koma malirowo amadutsa msanga. Heidi ndi mwana wamasiye yemwe amamutengera ku Frankfurt, komwe amapukwa kwawo mpaka kumayenda ali m'tulo, ndipo Takahata salifulumizitsa vutolo. Amalawife kuno ku Fordsburg nthendayi timaidziwa.

Mu 1988 Takahata yemweyo anatulutsa Grave of the Fireflies, momwe ana awiri amafa ndi njala kumapeto kwa nkhondo.