Mphuno Ikasiya Kumva Fungo

Amayi, m'sewero lija la pa wailesi munamva za mayi amene anapsereza nyemba ali pamoto pomwepo. Apongozi ake anamunena kuti ndi wosasamala, chonsecho chidwalireni chimfine chachikulu mphuno yake sinkamvanso fungo. Ambiri munafunsa ngati vutoli lili ndi chithandizo.

Kwa zaka zambiri madokotala sankaliwerengera vutoli. Ankangoti bola munthu akupuma. Ngakhale ife pophunzira unamwino, za maso ndi makutu tinkakhala nazo masiku angapo, koma za fungo tinkangodutsa.

Zinthu zinayamba kusintha mu 1991, pamene Linda Buck ndi Richard Axel a ku America anatulukira m'mene mphuno imazindikirira fungo. Kumtunda kwenikweni, m'kati mwa mphuno, kuli timitsempha tolandira fungo ta mitundu pafupifupi 400. Mpweya umene timakoka ndiwo umafikitsa fungo kumeneko. N'chifukwa chake mphuno ikatsekeka, ngakhale chambo sichikoma. Awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 2004.

Chokondweretsa n'chakuti timitsempha timeneti tikafa, tina timamera m'malo mwake. Mu 2009 dokotala wina wa ku Dresden m'dziko la Germany, Thomas Hummel, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wake. Odwala amene sankamva fungo ankanunkhiza zinthu zinayi: duwa la rozi, bulugama, mandimu ndi chokometsera chakudya chotchedwa clove, m'mawa ndi madzulo kwa masabata 12. Sikuti onse anachira ayi, koma ena anayamba kumva bwino kuposa anzawo amene sanachite nawo. Mphuno nayo imaphunzira, ngati mwendo wochoka m'chikhakha.

Njirayi inadziwika kwambiri mu 2020, COVID-19 itabuka ndipo anthu miyandamiyanda atadzuka osamva fungo. Chaka chomwecho ofufuza a ku Harvard anaonetsa kuti kachilomboka kamagwira makamaka tizigawo tochirikiza timitsempha tija, osati timitsempha tenitenito. Ndicho chifukwa chake ambiri amachira pakatha masabata ochepa, ngakhale ena zimawatengera miyezi.

Zikakuchitikirani, kafotokozeni kuchipatala kuti akuyezeni. Kunyumba mungathe kunkhiza makoko a mandimu ndi masamba a bulugama tsiku ndi tsiku, koma kunkhiza kokha. Musadonthezere kanthu m'mphuno. Ndiwo za dzulo wina azinunkhize musanapatse mwana. Ndipo mbaula isagone m'nyumba, pakuti mpweya wakupha wa makala ulibe fungo, ngakhale kwa munthu wa mphuno yabwino.

Kwa mwana, fungo likhoza kukhala chizindikiro. Mamina onunkha akamatuluka bowo limodzi lokha la mphuno, kawirikawiri mumakhala mutalowa nyemba kapena njere ya chimanga. Musatokose ndi kamtengo, mungaikankhire m'kati. Bwerani naye tsiku lomwelo.