Ataxia: Pamene Khutu Likumva Koma Osamvetsa

Ataxia ndi mawu ochokera ku Chigiriki: a, kutanthauza "popanda", ndi taxis, kutanthauza "dongosolo". Madokotala amatchula mawuwa ponena za munthu amene ziwalo zake zasiya kugwirizana. Poyenda amadzandira, dzanja limaphonya kapu, ndipo mawu amatuluka molemera ngati lilime latupa. Osadziwa amangoti waledzera, chikhalirecho munthuyo sanalaweko ngakhale dontho.

Mwa mitundu ya ataxia yakumtundu, wodziwika kwambiri ndi wa Friedreich. Dzinali ndi la dokotala wa ku Germany, Nikolaus Friedreich, amene anafotokoza matendawa mu 1863. Mwana amadwala pokhapokha atatengera jini (kanthu ka m'thupi kosunga chibadwa) yolakwika kwa bambo ndi mayi omwe. Kawirikawiri zizindikiro zimayamba asanakwanitse zaka 25, n'kumakula pang'onopang'ono.

Chimene ambiri sachiganizira pa matendawa ndi khutu. Tikamva zoti munthu wagontha, timaganiza kuti phokoso silikulowa n'komwe. Apa nkhani ndi ina. Kwa odwala ena khutu lenilenilo limalandira phokoso bwinobwino, koma mtsempha wopititsa uthenga ku ubongo ndiwo umawonongeka, ndiye mawu amafika atasokonekera. M'chipinda cha zii wodwalayo amacheza popanda vuto. Mupite naye kumsika kapena kuukwati, mawu a mnzake amamira m'phokoso, iye n'kumangofunsa kuti, "Mwati chiyani?" Kumukuwira sikuthandiza kwenikweni, popeza vuto si kuchepa kwa mawu. Chothandiza ndi kuzimitsa wailesi, kusendera pafupi, n'kumalankhula mukuyang'anana maso.