WILM HOSENFELD: MPHUNZITSI WA KUMUDZI M'NKHONDO YA HITLER

Pophunzitsa mbiri ya Nkhondo Yaikuru Yaciwiri timazolowera kuchula atsogoleri a maiko ndi akazembe a nkhondo okha, monga ngati iwowo ndiwo anasenza mfuti ndi kulonda akaidi. Koma nkhondo imacitidwa ndi manja a anthu wamba: alimi, amisiri, akalaliki, ndi aphunzitsi omwe. Munthu amene timlingalira m'kope lino anali wa nchito yathu yomweyi, ndipo mbiri yace isonyeza m'mene munthu woopa Mulungu angasokerere pamodzi ndi khamu, ndiponso cimene angathe kucita atazindikira kusokera kwace.

Wilhelm Hosenfeld, wochedwanso Wilm, anabadwa pa 2 Meyi 1895 m'mudzi wa Mackenzell, kufupi ndi mzinda wa Fulda m'dziko la Germany. Atate wace anali mphunzitsi wa Cikatolika, ndipo mwanayo anasankha nchito yomweyo. Nkhondo Yaikuru Yoyamba itabuka mu 1914 iye analowa usilikari. Anavulazidwa koopsa mu 1917, napatsidwa mendulo ya Mtanda wa Citsulo, imene Ajeremani ankapatsa msilikari wolimba mtima. Atacira anatenga coko. Mu 1920 anakwatira Annemarie Krummacher, nabala naye ana asanu, ndipo kuyambira 1927 anaphunzitsa m'mudzi wa Thalau, m'mapiri a Rhön.

Zaka zimenezo Ajeremani anali m'masautso. Anagonja mu 1918, ndalama zao zinatha mphamvu mu 1923, ndipo pambuyo pace anthu osawerengeka anasowa nchito. Tsono pamene Hitler anatenga ulamuliro mu 1933, nalonjeza kudzutsa dziko, Hosenfeld anamkhulupirira. Caka comweco analowa gulu la SA, lija la amuna oguba a cipani ca Nazi, ndipo mu 1935 analembetsa m'cipanimo. Cimeneci sitiyenera kucibisa. Iye sanali mbuli ai. Anali munthu wowerenga mabuku ndi wosunga cipembedzo cace, koma anaomba m'manja pamodzi ndi anzace.

Mu Ogasiti 1939, ali ndi zaka 44, anaitanidwanso ku usilikari. Anali wa gulu lija la asilikari amene amakhala kwao ndi kugwira nchito zao m'nyengo ya mtendere, naitanidwa pokhapokha nkhondo ikayandikira. Ajeremani atagonjetsa Poland anamuika kuyang'anira msasa wa akaidi a nkhondo ku Pabianice, ndipo kumeneko anayamba kuona ndi maso ace nkhanza zimene a mtundu wace ankacitira eni dziko. Mai wina wapakati, Zofia Cieciora, anadza kudzapempha kuti amasule mwamuna wace Stanisław, ndipo Hosenfeld anammasula. Anayamba kuphunzira cilankhulo ca ku Poland, napita ku Misa m'machalichi a anthu ogonjawo, ngakhale kutero kunali koletsedwa kwa msilikari wa Cijeremani.

Mu 1940 anamtumiza ku Warsaw, mzinda waukuru wa dzikolo, kumene anapatsidwa nchito yoyang'anira masewero a asilikari ndi mabwalo ao. Mu 1942 anakwezedwa kukhala kaputeni. Mu mzinda womwewo Ayuda oposa 400,000 anatsekeredwa m'dera lozingidwa ndi linga, lochedwa ghetto, kumene njala ndi nthenda zinapha ambiri. Kuyambira Julai kufikira Seputembala 1942 oposa 250,000 a iwo anatengedwa pa sitima kunka ku Treblinka, naphedwa komweko. Hosenfeld anadziwa zimenezi, nazilemba m'buku lace la tsiku ndi tsiku ndi m'makalata opita kwa mkazi wace, ngakhale zolembazo zikadapezeka zikadamphetsa. Cofunika kuciona m'menemo nciti? Nkuti mlanduwo sanaukankhire kwa anthu ena. Anadziwerengera yekha pakati pa amantha amene anaona coipa nacilekerera, nanena kuti mtundu wace wadzitengera temberero limene lidzagwera ndi ana omwe.

Udindo wace unali waung'ono, koma unali ndi mpata umodzi: pa mabwalo a masewero pankafunika anchito, ndipo munthu wokhala ndi cikalata ca nchito ya asilikari sankagwidwa msanga. Mpata umenewu anaugwiritsa nchito. Leon Warm, Myuda amene analumpha m'sitima yonka ku Treblinka, analembedwa nchito pamenepo ndi dzina lacilendo. Wansembe Antoni Cieciora, mlamu wace wa mai uja, amene apolisi a Gestapo ankamfunafuna, anabisala pomwepo nachedwa Cichocki. Anthu a mu Warsaw ataukira Ajeremani mu Ogasiti 1944, Hosenfeld anapatsidwa nchito yowawa yofunsa mafunso akaidi ogwidwa, ndipo makalata ace asonyeza kuti anayesetsa kupulumutsa amene akanatha, osaleka kuvala malaya a gulu limene linali kupasula mzindawo.

Mu Novembala 1944, mzinda uli mabwinja okhaokha, analowa m'nyumba ina yosiyidwa, napeza munthu woonda, wausiwa, akufunafuna cakudya. Munthuyo anali Władysław Szpilman, Myuda, amene nkhondo isanayambe ankaliza piyano pa wailesi ya Poland. Abale ace onse anali atatengedwa kunka ku Treblinka. Atamva nchito yace, kaputeniyo anamlozera piyano imene inali m'nyumbamo, ndipo Szpilman, ndi zala zouma, analiza nyimbo ya Chopin. Hosenfeld sanampereke. Anamthandiza kupeza pobisala pabwino pansi pa denga, nabwerako kangapo ndi buledi ndi jamu, ndipo potsazika anamsiyira jasi lace la usilikari kuti asafe ndi cisanu.

Pa 17 Januwale 1945 Hosenfeld anagwidwa ndi asilikari a Russia ku Błonie, kufupi ndi Warsaw. Mu 1946 anatumizira mkazi wace maina a anthu amene anawathandiza, kuti amcitire umboni. Leon Warm anayesa. Szpilman, amene poyamba sanadziwe dzina la mpulumutsi wace, atalimva anakadandaula kwa akuru a boma la Poland. Koma zonse zinapita pacabe. Mu 1950 bwalo la asilikari linamlamula kukhala m'ndende zaka 25. Atadwala nthenda yakufa ziwalo, anamwalira m'msasa wa akaidi kufupi ndi Stalingrad pa 13 Ogasiti 1952, ali ndi zaka 57.

Ulemu unadza iye atagona kale. Cithunzithunzi ca kanema cochedwa The Pianist cinabukitsa mbiri yace mu 2002. Mu 2007 dziko la Poland linampatsa mendulo ya Polonia Restituta, ndipo pambuyo pace bungwe la Yad Vashem la ku Jerusalem linamlemba pakati pa anthu olungama a mitundu ina amene anapulumutsa Ayuda. Banja lace linalandira ulemuwo ku Berlin mu 2009.

Tidzamuyesa bwanji munthu wotere? Amene anawapulumutsa anali owerengeka, pamene Ayuda ophedwa m'nkhondoyo anali ngati 6,000,000. Zaka 6, kuyambira 1933 kufikira 1939, anaima pamaso pa ana a ku Thalau ali wotsata Hitler, ndipo madzi akatayika saoleka. Komabe sanayese kucedwa kwace cifukwa cokhalira cete, ndipo alipo mabanja amene sakadakhalapo popanda iye. Cifukwa cace, aphunzitsi anzanga, posimbira ana mbiri imeneyi tisayambire pa piyano ija. Tiyambire pa 1933, tiwafunse anawo cimene cinamkopa mphunzitsi wa ku Thalau, ndi cimene akanayenera kufunsa asanalembetse dzina lace. Pamenepo adzamvetsa kulemera kwa buledi uja wa mu 1944.