Tizilombo ta m'madzi otentha timabwerekana DNA

Mukaphitsa madzi akumwa, mumafuna kuti tizilombo tife. Koma pali tizilombo tina, tosaoneka ndi maso, timene kwawo ndi m'madzi otentha. Timakhala mu akasupe otentha, ndipo tina timakula bwino pa madigiri 80. Cala canu sicingapirire pamenepo.

M'kacilombo kalikonse muli DNA. DNA ili ngati kalata yaitali youza thupi mmene liyenera kukhalira. Inu munalandira yanu kwa amayi ndi abambo anu. Kacilombo kalibe bambo. Kamangodzigawa pawiri, ana n'kufanana nako. Nanga zatsopano zimalowa bwanji? Timabwerekana.

Taonani kacilombo ka Thermus thermophilus, kamene kanapezeka pa kasupe wotentha ku Japan. Kamatola zidutswa za DNA zoyandama m'madzi, monga za anzake amene afa, n'kuzilowetsa m'thupi. Cidutswaco cikafanana ndi mbali ina ya DNA yake, kamacotsa cakale n'kusokerera catsopano. Zili ngati kuika cigamba pa cobvala, kungoti cigambaci nthawi zina cimabwera ndi luso limene kacilomboko kanalibe.

Ka Sulfolobus nako kali ndi njira yake, ndipo ine ndimaiona kuti ndi yodabwitsa koposa. Kuwala kwa UV, kumene kuli m'dzuwa, kukaononga DNA yawo, tizilomboti timaunjikana, n'kupatsana DNA. Kamene kaonongekedwa kamakonza pong'ambika potengera ya mnzake.

Kubwerekanaku sikuthera pacibale. M'caka ca 1999 asayansi anawerenga DNA yonse ya Thermotoga maritima, bakiteriya wa m'nyanja ku Vulcano, ku Italy. Anapeza kuti pa majini 100 alionse, pafupifupi 24 amafanana kwambiri ndi a mtundu wina wa tizilombo, wa archaea, umene umakhala nawo m'malo otenthawo.

Musaleke kuphitsa madzi ai. Tizilombo ta kolera timafa madzi akawira, ndipo tokonda kutenthati sitidwalitsa munthu. Kena kamatithandiza kumene. Mu 1969 Thomas Brock ndi Hudson Freeze analengeza za Thermus aquaticus wa ku Yellowstone, ku America. Kacilomboka kali ndi puloteni yokopera DNA imene siionongeka ndi kutentha. Puloteni imeneyi ndi imene imagwiritsidwa m'makina a PCR, aja amapima COVID-19 komanso HIV mwa makanda.