Stoppila Sunzu: mbiri ya wochinga kumbuyo wa Chipolopolo

Stoppila Sunzu ndi katswiri wa mpira wa miyendo wa muno m'Zambia amene anachuka posewera kumbuyo pakati, malo amene nchito yake ndi kutsekereza adani kuti asafike pagolo. Iye anabadwa pa 22 June 1989 ku Chingola, m'cigawo ca Copperbelt. Anthu ambiri amamkumbukira cifukwa ca penate imodzi imene inapatsa dziko lino cikho ca Africa Cup of Nations mu 2012. Koma penateyo inali nchito ya kamphindi cabe, pamene m'timu ya dziko lino watumikiramo zaka zoposa 15, ndipo mpira unamfikitsa ku Congo, ku France, ku China ndi ku Russia.

Ciyambi cake ku migodi

Sunzu anabadwira m'banja la mpira. Bambo ake, a Felix Sunzu, amene kwawo kunali ku Democratic Republic of Congo, anali wogwira pagolo m'timu ya Konkola Blades ya ku Chililabombwe, tauni yoyandikana ndi malire a Kasumbalesa. Mkulu wake, yemwenso dzina lake ndi Felix, anali wosewera kutsogolo, ndipo anasewerapo m'timu ya Simba ya ku Tanzania.

Kale mpira wa ku Copperbelt unali kudalira migodi. Matimu monga Nkana, Mufulira Wanderers, Nchanga Rangers ndi Roan United anali kuleredwa ndi makampani a mkuwa, amene analinso kusamala mabwalo ndi malo ocezerako acinyamata m'makomboni. Pamene migodi ya ZCCM inagulitsidwa, nchito imene inatha mu 2000, thandizo lambiri linacepa. Ana a m'makomboni monga Lubuto ku Ndola kapena Wusakile ku Kitwe sanaleke kumenya mpira wa mapepala pafumbi, koma njira yowacotsa pamenepo n'kuwafikitsa ku matimu akuluakulu inasintha. Matimu ang'onoang'ono osula acinyamata ndiwo ananyamula mtolowo, ndipo imodzi mwa iwo inali Afrisports ya ku Kitwe. Kumeneko ndi kumene Sunzu anayambira, monganso Rainford Kalaba. Pambuyo pake Afrisports inambwereketsa ku Konkola Blades, timu yakale ya bambo ake.

Mu 2007 anali m'gulu la anyamata osapitirira zaka 20 limene linapita ku mpikisano wa dziko lonse ku Canada motsogozedwa ndi a George Lwandamina. Anyamatawo anagonjetsa Uruguay 2-0 ndipo anafika m'ndime yaciwiri, kumene Nigeria inawacotsa ndi zigoli 2-1. Timu ya Reading ya ku England inamuitana kukayesedwa, ndipo mphunzitsi wake, a Steve Coppell, anamfuna. Cinalepheretsa ndi cilolezo cogwirira nchito. Malamulo a ku Britain pa nthawiyo anali kufuna kuti wosewera wocokera kunja kwa Europe akhale woti wasewera kale masewero ambiri a timu yaikulu ya dziko lake, koma Sunzu anali asanayambe. Motero anapita ku Zanaco ya mu Lusaka, ndipo mu 2008 anabwereketsedwa ku Châteauroux, timu ya m'ligi yaciwiri ya ku France. Caka comweco anayamba kusewera m'timu ya Chipolopolo.

Ku Lubumbashi

Pofika mu 2010 Sunzu anali m'timu ya TP Mazembe ya ku Lubumbashi, imene mtsogoleri wake a Moïse Katumbi anali kusonkhanitsira akatswiri ocokera m'maiko angapo, a ku Zambia ali m'gulu lomwelo. Caka cimeneco Mazembe inatenga cikho ca CAF Champions League itagonjetsa Espérance ya ku Tunisia ndi zigoli 6-1 pamasewero awiri. Mu December inapita ku Abu Dhabi ku mpikisano wa FIFA Club World Cup, ndipo inakhala timu yoyamba ya mu Africa kufika m'ndime yotsiriza, kumene Inter Milan inaigonjetsa 3-0. Kwa Sunzu ulendowo unali wowawa. Anatulutsidwa m'bwalo ndi khadi lofiira pamasewero oyamba ndi Pachuca ya ku Mexico, kotero pamene anzake anali kugonjetsa Internacional ya ku Brazil 2-0, iye anali kupenyerera cabe.

Cikho ca 2012

Sunzu anali kale ku Angola mu 2010, pamene Nigeria inacotsa Zambia pa mapenate m'ndime ya matimu asanu ndi atatu. Pampikisano wa 2012, umene unacitikira ku Equatorial Guinea ndi Gabon, mphunzitsi a Hervé Renard anamuika pakati kumbuyo pamodzi ndi Hichani Himoonde, mnzake wa ku Mazembe.

Nchito ya awiriwa imaoneka bwino munthu akawerenga zigoli zimene Zambia inamwa. Senegal, imene inali ndi Demba Ba, Papiss Cissé ndi Moussa Sow, inangopeza cigoli cimodzi n'kugonja 2-1. Libya inamwetsa ziwiri pabwalo lodzala madzi a mvula ku Bata, masewerowo n'kuthera 2-2. Kucokera pamenepo palibe timu inanso imene inagwedeza ukonde wa Kennedy Mweene. Equatorial Guinea inagonja 1-0, Sudan 3-0, ndipo Ghana 1-0. Pamasewero a Sudan, Sunzu ndiye anatsegula zigoli pomenya ndi mutu mpira wocokera kwa Kalaba.

Ndime yotsiriza inali pa 12 February 2012 ku Libreville, mzinda umene pafupi nawo ndege yonyamula timu ya Zambia inagwera m'nyanja pa 27 April 1993 ndi kupha anthu onse 30, mwa iwo osewera 18. Masiku owerengeka masewero asanacitike, anyamatawo pamodzi ndi a Kalusha Bwalya, amene anali mtsogoleri wa bungwe la FAZ, anapita kugombe kukaponya maluwa.

Ivory Coast inabwera ndi Didier Drogba, Gervinho, Salomon Kalou ndi Yaya Touré, ndipo inali isanamwe cigoli ngakhale cimodzi pampikisano wonsewo. Zinthu zinabvuta msanga kumbuyo kwa Zambia pamene Joseph Musonda, wamkulu pa ochinga onse, anabvulala kuciyambi kwenikweni n'kutuluka akulira, Nyambe Mulenga n'kulowa m'malo mwake. Mwayi unagwirako nchito, cifukwa Drogba anaponya kumwamba penate m'cigawo caciwiri. Komabe mphindi 120 zosalola akatswiri otere kumwetsa cigoli sizingakhale mwayi wokha, ndipo gawo lalikulu la nchito yolimbana ndi Drogba m'mwamba ndi pansi linali pa mapewa a Sunzu, mnyamata wa zaka 22.

Masewero atathera 0-0 anapita ku mapenate. Timu iliyonse inamwetsa asanu ndi awiri oyamba, Mweene yemwe ali mmodzi wa omenya. Kenaka Mweene anagwira penate ya Kolo Touré, koma Kalaba, amene akadamaliza nkhani yonse, anaponya pamwamba pa golo. Gervinho naye anaponya kumwamba. Apo ndi pamene Sunzu, womenya wacisanu ndi cinai wa Zambia, anayenda kucoka pakati pa bwalo pamene anzake anali kuimba, namwetsa Boubacar Barry. Zambia inapambana 8-7. Bungwe la CAF linamuika m'gulu la osewera 11 opambana pampikisanowo, ndipo kumapeto kwa caka anali mmodzi wa atatu opikisana pa mphoto ya wosewera wopambana wa m'matimu a mu Africa, imene inapita kwa Mohamed Aboutrika wa ku Egypt.

Mkangano wa 2013

Ulemerero wa ku Libreville sunamteteze ku mikangano ya akuluakulu. Mu October 2013 Zambia inali ndi masewero a cibwenzi ndi Brazil ku Beijing. Mazembe inanena kuti Sunzu, Kalaba ndi Nathan Sinkala sanali bwino m'thupi, pamene FAZ inali kuwafuna. Atatuwo sanapite ku China, ndipo nkhaniyo inakula kufikira boma linalowererapo: mapasipoti awo anagwidwa, ndipo panatuluka lamulo loti amangidwe. Pambuyo pake nkhaniyo inathetsedwa ndipo anabwerera m'timu. Inali nkhani yodabwitsa kwa munthu amene miyezi 20 m'mbuyomo anali atalandiridwa mu Lusaka monga ngwazi.

France, China ndi Russia

Khomo la ku Europe linatsegulidwa ndi a Renard, amene anasiya Chipolopolo mu October 2013 kupita ku Sochaux. Mu January 2014 anatenga Sunzu ndi Sinkala, ndipo kumeneko anapeza Emmanuel Mayuka. Sochaux inali pansi pa ligi, inadzuka ndi mphamvu, koma pa tsiku lotsiriza inagonja 3-0 pakhomo kwa Evian ndi kutsikira m'ligi yaciwiri. Kumapeto kwa 2014 Sunzu anagulidwa ndi Shanghai Shenhua ya ku China. Sanakhalitseko. Mu 2015 a Renard, amene tsopano anali ku Lille, anamuitananso, ngakhale kuti iwo anacotsedwa nchito mu November caka comweco.

Mu 2017 anapita ku Arsenal Tula ya ku Russia. Mu 2018 a Frédéric Antonetti, amene anamdziwira ku Lille, anali mphunzitsi wa Metz pamene Sunzu anafika m'timuyo, ndipo Metz inapambana ligi yaciwiri ya 2018-19 n'kukwera m'ligi yaikulu. Mu 2020 anabwerera ku China, ku Shijiazhuang Ever Bright, imene inadzasintha dzina kukhala Cangzhou Mighty Lions.

Kubwerera ku Chipolopolo

Zaka zotsatira 2012 sizinaikomere Chipolopolo. Mu 2013 ndi mu 2015 inathera m'ndime ya magulu, ndipo mipikisano ya 2017, 2019 ndi 2021 inaiphonya yonse. Anzake a Sunzu a ku Libreville anapuma mmodzimmodzi, ndipo iyenso anatha nthawi osaoneka m'timuyo, kufikira mphunzitsi a Avram Grant anamuitananso mu 2023 kudzalimbitsa kumbuyo. Pa 17 June caka cimeneco Zambia inagonjetsa Ivory Coast 3-0 pabwalo la Levy Mwanawasa ku Ndola, ndipo inapeza malo ku mpikisano wa cikho ca Africa kwa nthawi yoyamba kucokera mu 2015.

Mpikisanowo unacitikira ku Ivory Coast mu January 2024. Sunzu, ali ndi zaka 34, anali yekhayo wotsala pa gulu limene linatenga cikho mu 2012. Masewero oyamba, ku San-Pédro, anali ndi Democratic Republic of Congo, dziko la bambo ake, ndipo anathera 1-1. Zambia inalingananso mphamvu ndi Tanzania 1-1, inagonja kwa Morocco 1-0, ndipo inabwerera kumudzi ndi mapointi awiri.