Zithunzithunzi zopanda mau: zambiri zinatayika, zotsala ndi chuma

Zithunzithunzi zopanda mau ndi mafilimu amene ankapangidwa kuyambira m'ma 1890 kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Popeza opanga mafilimu ankafuna nkhani zodziwika kale, ambiri ankatengera masewero a pabwalo. Mu 1899 ku London anajambula mbali ya sewero la William Shakespeare lotchedwa King John, ndipo mu 1912 ku America anapanga filimu ya sewero lake lina, Richard III.

Mafilimuwa ankajambulidwa pa tepi ya nitrate, imene imagwira moto msanga ndiponso imaonongeka ikakhalitsa. Bungwe la Library of Congress linanena mu 2013 kuti mwa mafilimu aatali 100 alionse opanda mau a ku America, 70 anatheratu. N'chifukwa chake anthu osonkhanitsa zinthu zakale amawafunafuna. Filimu ya Richard III inkayesedwa yotayika mpaka mu 1996, pamene a William Buffum, amene ankaisunga kunyumba kwao, anaipereka ku American Film Institute.

M'chigawo chino cha Africa, mafilimu otere anapitirira ngakhale a mau atayamba. Pakati pa 1935 ndi 1937, a L. A. Notcutt ndi a G. C. Latham a bungwe la Bantu Educational Kinema Experiment anapanga mafilimu 35 ophunzitsa zaumoyo, ulimi ndi kusunga ndalama ku positi, ndipo osewera anali anthu akuda. Ankawanyamula pa lole n'kukawaonetsa ku Tanganyika, Nyasaland, Northern Rhodesia, Kenya ndi Uganda. Mau ofotokozera ankachokera pa mbale za galamafoni m'zilankhulo zosiyanasiyana, kuphatikizapo Chinyanja, chimene chimalankhulidwa ku Chipata, mzinda umene panthawiyo unkatchedwa Fort Jameson. Mwa mafilimu 35 amenewo, atatu okha ndiwo anatsala, ndipo akusungidwa ndi British Film Institute ku United Kingdom.

Kuyambira mu 1948, bungwe la Central African Film Unit la ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, linapanganso mafilimu opanda mau, oonetsedwa pa magalimoto oyendera midzi. Womasulira ankafotokoza nkhaniyo pakamwa filimu ili mkati, choncho mau ake sanalowe pa tepi. Amene anawamva ali ana lero ndi okalamba, ndipo mauwo atsala m'makumbukiro ao okha.